Paki ya akawuboyi imene inayambira pa mbale ya nkhuku

Amayi ena andilembera imelo. Mwana wawo wa ku Los Angeles akufuna kukawayendetsa ku Knott's Berry Farm, paki ya zisangalalo ya m'tauni ya Buena Park ku California, ndiye amayiwa akufunsa ngati si masewera a ana chabe, komanso ngati sitima yamasewera ija, yothamanga pa njanji yamatabwa yokwera ndi kutsika, siingathyoke iwo ali m'mwamba.

Amayi, mwandikumbutsa mayi anga. Ankakazinga mandasi m'mbali mwa msewu, basi ikaima n'kuthamangira pazenera beseni lili pamutu. Fizi yanga yonse ya kusekondale inatuluka m'chiwaya chimenecho. Zala zawo zinali ndi zipsera za mafuta mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Ndiye tsiku limene ndinafika ku Buena Park n'kumva mmene malowa anayambira, misozi inalengeza.

Walter ndi Cordelia Knott anayamba mu 1920 ngati alimi wamba, akugulitsa zipatso pa kashedi ka m'mbali mwa msewu. Chipatso cha boysenberry chinatchuka chifukwa cha munda wawo. Mu 1934 chuma cha Amereka chitavuta, Cordelia anayamba kukazinga nkhuku n'kumapakulira alendo m'mbale zimene analandira pa ukwati wake, masenti 65 mbale imodzi. Mbale za ukwati, amayi! Inu mukudziwa kuti mkazi satulutsa mbale zimenezo m'kabati pokhapokha zinthu zitathina. Mizere inatalika, ndipo mu 1940 Walter anayamba kumanga Ghost Town, tauni yonga ya okumba migodi akale, kuti odikira nkhuku asatope. Nyumba zina anachita kukazitenga kumatauni amene anthu anasamukako. Zolipiritsa pageti zinadzayamba mu 1968.

N'chifukwa chake sindivomereza munthu akamati ku Knott's n'kwa amene alephera kupita ku Disneyland, paki ina yotchuka ya kufupi komweko. Disneyland inatsegulidwa mu 1955, Ghost Town ili kale chilili. Ndipo ndinena mosabisa: kumeneko n'kokongola, koma ku Knott's ndi kumene ndimamva fungo la thukuta la munthu.

Komanso ife amene tinakulira pa mabenchi a vidiyo sho, tikuonera akawuboyi akuthamangitsana pa mahatchi m'fumbi, timadziwa kale misewu ya mu Ghost Town tisanaiponde. Ndinaima nthawi yaitali pakhomo la wosula zitsulo, moto ukuyaka, nyundo ikulira pachitsulo chofiira, ndikukumbuka agogo anga akusula makasu.

Za sitimazo

Azungu amati roller coaster. Mu 1975 pakiyi inabweretsa Corkscrew, yoyamba m'nthawi yathu ino kuzondotsa anthu mutu pansi, ngakhale pano anaichotsa. Xcelerator ya 2002 imachoka poima n'kufika makilomita 132 pa ola m'masekondi 2.3. Imeneyo isiyireni mwana wanu.

Yamatabwa mukuiopayo ndi GhostRider, ya 1998, yotalika mamita 36 kupita m'mwamba, ndipo imathamanga makilomita 90 pa ola. Pokwera, tcheni chimalira kwe kwe kwe, denga la nyumba iliyonse likucheperachepera pansi, kenako ziii pang'ono, n'kugwa. Matabwa amanjenjemera ndithu, mumawamva m'mano, koma anawamanga kuti azitero, monga mtengo wamoyo umawerama ndi mphepo. Mu 2016 njanji yake anaikonzanso yonse.

Pitani, amayi. Ngati muli ndi vuto la mtima, msana kapena kuthamanga kwa magazi, GhostRider musakwere. Kwerani Calico Mine Ride ya 1960, imayenda pang'onopang'ono m'mgodi. Sankhani tsiku la pakati pa sabata. Nkhuku ija akukazingabe ku Mrs. Knott's Chicken Dinner Restaurant, kunja kwa geti, koma mukadye mutatsika sitima, osati musanakwere.