Kodi 7 wa masamu watsekera mwana wanga khomo la ku yunivesite?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chibavi kuno ku Mzuzu, ndipo ndaganiza zowayankha poyera chifukwa funso lawo ndi lomwe makolo ambiri amandifunsa zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikangotuluka. Mayiwa akuti mwana wawo wamkazi wakhoza MSCE ndi mapointi 20. Wapeza 2 pa Chichewa ndi Agriculture, 3 pa Chingerezi ndi Biology, 4 pa Geography ndi 6 pa Chemistry, koma masamu wapeza 7 ndipo Physics wapeza 8. Mtima wa mtsikanayu uli pa unamwino. Kalatayo yatha ndi mawu awa: "Anzanga ku tchalitchi akuti mapointi 20 ndi abwino, tingodikira mayina atuluke. Koma ine 7 ameneyu akundisowetsa tulo. Kodi wamutsekera khomo, kapena abwereze?"

Mayi, poyamba muyamikireni mwanayo, chifukwa makirediti asanu ndi limodzi sabwera mwamasewera. Koma nkhawa yanu ili ndi maziko, ndipo anzanuwo akuyang'ana nambala imene siyankha funso lanu.

Bungwe la MANEB limapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe, pamene 9 ndi kulakwa. Mapointi amene timawatchula monyadira aja amapezeka pophatikiza maphunziro asanu ndi limodzi omwe mwana wachita bwino koposa, Chingerezi chili momwemo. Mukaona bwino, masamu ndi Physics za mwana wanu sizinalowe n'komwe m'mapointi 20 aja. Zabisala kuseri kwa Chichewa ndi Agriculture, ndipo n'chifukwa chake nambalayo ikuoneka yosangalatsa.

Osankha ophunzira sayima pa nambala yokhayo. Bungwe la NCHE, lomwe limayendetsa ntchito yosankhira pamodzi ophunzira opita ku mayunivesite asanu ndi imodzi a boma, omwe ndi UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MUST ndi Mzuni yathu ya ku Luwinga, limafuna makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Pamenepa mwana wanu wadutsa, ndipo ali ndi ufulu wonse wolemba fomu. Komabe pulogalamu iliyonse ili ndi maphunziro akeake omwe imafuna kuti wophunzira akhale nawo ndi kirediti, ndipo digiri ya unamwino imafuna masamu ndi maphunziro a sayansi. Munthu amene alibe kirediti pa masamu sayikidwa n'komwe pa mzere wa opikisana pa pulogalamu yotere, ngakhale mapointi ake atakhala ochepa chotani. Wina wa mapointi 24 amene ali ndi 5 pa masamu, 4 pa Physics ndi 4 pa Chemistry ali pa mzerewo, ngakhale kuti mwina ali kumbuyo kwambiri, pamene wanu ali kunja.

Ndinaphunzitsa ku sekondale kwa zaka zambiri, ndipo chimene chinkandipweteka kwambiri sichinali ana olakwa mayeso ayi, koma ana okhoza amene ankataya mwayi pa tsiku lolemba fomu. Ndimakumbukira mnyamata wina amene ndinamupeza pa shopu ina yojambulitsira mapepala m'tauni muno, mvula ikuwaza panja, iye atagwira satifiketi yake m'pepala la pulasitiki. Anali atasankha udokotala, zomangamanga ndi mapulogalamu ena a sayansi okhaokha, chonsecho masamu anali ndi 7. Nditamufunsa ngati anawerenga zofunika pa pulogalamu iliyonse, anandiyankha kuti amalume ake anamuuza kuti ndi mapointi 17 palibe amene angamukane. Dzina lake silinatuluke chaka chimenecho. Anzake a mapointi ambiri kuposa iye, amene anasankha zogwirizana ndi magiredi awo, anapita kusukulu. Palibe amene anamubera malo. Fomu yake inalibe ngakhale khomo limodzi limene akanatha kulowera.

Ndikudziwa kuti kuno kumpoto mwana akapanda kusankhidwa, maganizo athu amathamangira ku kota, njira ija yosankha ophunzira potengera boma limene akuchokera, ndipo mabala amenewo ndi enieni. Koma boma linalengeza mu 2020 kuti njira imeneyo yathetsedwa, choncho chimene chikutchinga mwana wanu lero si boma limene akuchokera. Ndi giredi ya masamu, komanso kuchepa kwa malo poyerekeza ndi unyinji wa ana okhala ndi makirediti okwanira.

Tsono achite chiyani? Ine ndingalangize kuti fomu ya chaka chino alembe ndithu, koma aike mapulogalamu amene safuna kirediti ya masamu. Magiredi ake a Chichewa, Chingerezi ndi Geography ndi olimba, ndipo akhoza kupikisana nawo pa maphunziro a uphunzitsi wa ziyankhulo kapena mapulogalamu ena a mbali imeneyo ku Mzuni ndi ku UNIMA. Mukhale naye pansi, mutenge chilengezo cha NCHE cha chaka chino, ndipo mudutse pulogalamu imodziimodzi muli ndi pensulo m'manja, n'kumafufuta iliyonse imene ikutchula masamu kapena Physics. Zotsalazo ndiye malo ake enieni opikisanirapo. Asadzaze fomu yonse ndi mapulogalamu amene aliyense amawathamangira, chifukwa kumeneko a mapointi ochepa kwambiri amadzaza malo msanga.

Koma ngati mwanayo anena motsimikiza kuti iye ndi unamwino basi, kubwereza si chinthu chochititsa manyazi, ndipo pa magiredi ngati akewa n'kwanzeru. Mwana amene wapeza 3 pa Biology mutu wa sayansi ali nawo. Kawirikawiri 8 wa Physics amasonyeza sukulu imene inalibe labu kapena mphunzitsi wokhazikika wa phunzirolo, osati kuperewera kwa nzeru. Akhoza kulembetsa ku sukulu ya masana imene timaitcha open, n'kuika mphamvu zake pa masamu, Physics ndi Chemistry. Chonde musangomulipirira fizi n'kumusiya. Mupezereni munthu womuthandiza masamu kuyambira ntchito ya Fomu 3, chifukwa 7 sasanduka 4 pongokhalanso m'kalasi momwemo n'kumamvera zomwezo. Muonenso m'chilengezo chija zaka za mayeso zimene zikuloledwa, komanso kuti zotsatira za maulendo angati olemba zingaphatikizidwe, kuti mudziwe ngati ayenera kubwereza maphunziro ochepa okha kapena onse.

Palinso njira ya makoleji, imene makolo ambiri amaipeputsa popanda chifukwa. Kuno kwathu tili ndi Ekwendeni College of Health Sciences komanso sukulu ya zaumoyo ya St John of God, ndipo anamwino ambiri amene akutisamalira m'zipatala anayambira pa dipuloma n'kudzakweza maphunziro atagwirako ntchito. Ndikuchenjezeni komabe kuti nakonso amayang'ana magiredi a sayansi, ndiye musatumize ndalama ya fomu musanawerenge zimene akufuna. University of Livingstonia ndi maphunziro a patali a ku Mzuni ndi njira zinanso zofikira digiri, ngakhale kuti zimafuna thumba lokonzeka. Musanalipire kusukulu iliyonse imene si ya boma, tsimikizani kuti sukuluyo ndi pulogalamu yakeyo ndi zovomerezeka ndi NCHE, chifukwa ngongole ya bungwe la boma lobwereketsa ophunzira imaperekedwa kwa amene ali m'sukulu zovomerezeka, ndiponso olemba ntchito amafunsa zomwezo.

Chinthu chimodzi ndikupempheni, mayi. M'kalata yanu mwandiuza zimene anzanu akuganiza ndi zimene inu mukuopa, koma simunandiuze ngati mwanayo ali wokonzeka kukhalanso pa desiki chaka china chathunthu anzake atapita. Ndaonapo ana obwereza mokakamizidwa akutuluka ndi magiredi otsika kuposa oyamba, ndipo ndaonaponso mtsikana amene anasankha yekha kubwereza akukweza masamu kuchoka pa 8 kufika pa 4. Mufunseni muli awiriwiri, abambo ake ndi azakhali ake asanayambe kuikapo mawu. Akakuyankhani mundilemberenso, mutchule mapulogalamu amene atsala pa pepala lanu mutafufuta aja, kuti tione limodzi loyenera kukhala pamwamba nthawi yotumiza mafomu isanathe.