Tifunseni: Zosefera ndi zotsatsa pa webusaiti ya nyumba za lendi

Funso: Ndili ndi webusaiti ya nyumba za lendi kuno ku Mzuzu. Ndinaikapo zosefera 12 (malo osankhira mtundu wa nyumba yomwe munthu akufuna) kuti anthu azipeza nyumba mosavuta, koma ambiri amandiimbirabe foni kufunsa zomwe zili kale patsambapo. Ndikufunanso kuikapo zotsatsa malonda. Ndikonze pati? (Mayi wa ku Katoto)

Yankho: Mayi, zosefera 12 zachuluka. Munthu wofuna nyumba amayamba ndi mafunso atatu: ili dera liti, lendi ndi zingati, zipinda zogona zilipo zingati. Zitatuzi ndizo zikhale pamwamba. Zina monga mpanda, mita yakeyake ya ESCOM, madzi a m'nyumba kapena mpopi wapanja, muziike pansi pa batani lolembedwa "Zina".

Pa dera, musamuuze munthu kuti alembe yekha. Wina alemba Mchengautuwa, wina Mchengautuba, ndipo makina akapanda kuzindikira kuti ndi malo amodzi ayankha kuti kulibe nyumba, chonsecho zilipo. Muikireni mndandanda woti asankhepo, ndipo mumulole kusankha madera angapo nthawi imodzi, chifukwa wophunzira wa ku Mzuni akhoza kukhala ku Luwinga kapena ku Area 1B. Pambali pa dera lililonse pakhale nambala ya nyumba zomwe zilipo, mwachitsanzo Chibavi (7), Zolozolo (3). Nambalayi ndi yofunika kwambiri, imamuteteza munthu kudina malo opanda kanthu. Zikachitikabe kuti sipanapezeke nyumba, tsamba lisangoti "palibe". Limuonetse za dera loyandikana nalo kapena za lendi yokwererapo pang'ono.

Cholakwika china chomwe timachiona kawirikawiri ndi tsamba lomwe limayambiranso kutseguka munthu akangodina chosefera chimodzi. Owerenga anu ambiri ali pa foni, ndi bandulo ya Airtel kapena TNM yomwe akuiwerengera. Asankhe zonse kaye, kenako adine batani limodzi la "Onetsani nyumba". Akatsegula nyumba ina n'kubwerera m'mbuyo, zomwe anasankha azipeze zili pomwepo. Uzani amene anakukonzerani webusaiti kuti zosankhazo zizisungidwa mu adiresi ya tsamba. Zikatero munthu atha kutumiziranso m'bale wake linkiyo pa WhatsApp. Mabatani asachepere 48 dp (muyeso wa kukula kwa zinthu pa sikirini ya foni) monga Google imalangizira, apo ayi chala chizidina awiri.

Zotsatsa ikani, koma zisafanane ndi nyumba. Chilichonse chilembedwe kuti "Malonda", ndipo chibwere pakadutsa nyumba zisanu kapena zisanu ndi imodzi, osati pakati pa zosefera ndi nyumba yoyamba. Malo ake akhale osungidwiratu ndi muyeso wake. Mukapanda kutero, chotsatsa chimafika mochedwa n'kukankhira zonse pansi, munthu n'kudina chomwe sanafune. Ameneyo sabweranso. Pewaninso zotsatsa zophimba sikirini yonse tsamba likangotseguka: kuyambira mu 2017 Google imatha kutsitsa masamba otere pa zotsatira za pa foni. Malamulo a bungwe loona za zotsatsa za pa intaneti la Coalition for Better Ads, omwe pulogalamu yotsegulira masamba ya Chrome imatsatira kuyambira mu 2018, amakananso zotsatsa zodya malo oposa 30 peresenti ya tsamba la pa foni.

Ifeyo tingakonde mutayamba ndi amalonda a mu Mzuzu momwemo, ogulitsa mipando, makatani, kapena a magalimoto osamutsa katundu. Amene akufuna nyumba ndi yemweyo afunenso zimenezi, choncho zotsatsazo sizimutopetsa.