Kwa achimwene ofunsa za kuwerenga mabanja olowa ndi otuluka m'tauni ya nkhondo

Achimwene, mwafunsa zinthu ziwiri nthawi imodzi: amabungwe amadziwa bwanji kuchuluka kwa mabanja amene alowa kapena kutuluka m'tauni yomwe muli nkhondo, ndiponso ngati lipoti lonena kuti "ambiri akubwerera" likutanthauza kuti kwagwa bata. Poti mwati akuitanani ku intavyu ya ntchito yotolera mayankho, nditalikitsako pang'ono, mupirire nane. Ntchitoyi ndagwirako konkuno kwathu, m'makampu a anthu othawa madzi osefukira komanso pachipata cha m'malire. Za kumalo ankhondo ndimazitsata m'malipoti.

Muyambe mwaiwala kaye kalembera wa NSO (ofesi ya boma yowerenga anthu) uja woyenda khomo ndi khomo. M'tauni yomwe mukulira mfuti palibe angayende choncho. Otolera mayankho amaima pamene anthu amadutsira: pasiteji ya magalimoto, padoko la maboti, pamlatho, pamphambano ya msewu waukulu. Bungwe la IOM, loona za anthu osamuka, lili ndi dongosolo lake lotchedwa Displacement Tracking Matrix, mwachidule DTM, lomwe linayambira ku Iraq mu 2004, ndipo malo oimapowa amawatcha Flow Monitoring Point. A REACH, bungwe lina lochita kafukufuku wotere, nawo achita zofananazo ku South Sudan, monga ku Akobo, tauni ya m'malire ndi Ethiopia kumene anthu amakwera maboti kupita kumakampu a ku Gambella, m'dziko la Ethiopia.

Mafunso ake ndi ochepa dala, chifukwa munthu ali paulendo, kondakitala akumuitana, mwana akulira kumsana. Mumamupempha kaye chilolezo, akakana mumamuleka apite. Akavomera: mwachokera kuti, mukupita kuti, muli angati pano, ana ndi angati, alipo woyembekezera, woyamwitsa, wokalamba kapena wolumala? Mwachokeranji kumeneko, nanga mwasankhiranji kumene mukupitako? Mukakhalako nthawi yaitali bwanji? Ndipo funso limene ine ndimaliona lofunika kuposa onse ndi ili: alipo wa m'banja mwanu amene watsala m'mbuyo? Mayankho amalowa pafoni, kawirikawiri pa pulogalamu ya KoboToolbox, yomwe imasunga fomu ngakhale netiweki palibe, n'kudzatumiza madzulo ikapezeka. Banja lililonse mumaliika m'gulu la olowa, otuluka, kapena ongodutsa kupita kwina.

Tsono vuto lili apa. Nambala imene imatuluka si ya anthu onse amene ayenda. Ndi ya okhawo amene anadutsa pamene panaima munthu wafoni, nthawi imene iye analipo. Tayerekezani kuti akuikani padepoti ya mabasi ku Area 2 kuyambira m'mawa mpaka chakumadzulo, kuti muwerenge mabanja ochoka mu Lilongwe. Wokwera matola pa Biwi simumuona. Wodutsira ku Kanengo pa lole ya fodya simumuona. Wa kabaza wonyamuka mbandakucha simumuona. Kunkhondo n'zoposa apa, chifukwa amene ali ndi mantha kwambiri ndi amene amapewa msewu: amayenda usiku, m'tchire, kuthawa ma rodibuloko. Amene mumakumana nawo pasiteji ndi amene anapeza ndalama yokwerera. Osaukitsitsa, odwala ndi nkhalamba ambiri sadutsa n'komwe, amatsala m'tauni momwemo. N'chifukwa chake lipoti lachilungamo limanena lokha kuti manambala ake amangosonyeza kumene zinthu zikulowera, osati chiwerengero chonse. Mukaona lipoti lopanda chenjezo limenelo, mulikayikire.

Onani za ku Palma, ku Cabo Delgado, kwa anansi athu a ku Mozambique. Zigawenga zinalowa m'tauniyo pa 24 March 2021, mafoni n'kuduka. Panalibe woti akaime pasiteji ya ku Palma n'kumafunsa anthu kuti mukupita kuti. Kuwerenga kunachitika mbali inayo, kumene anthu ankafikira: pagombe la Paquitequete ku Pemba, kumene maboti odzaza ankakocheza, ku Mueda, ku Nangade, ku Montepuez. Pofika mu June chaka chomwecho a UNHCR, bungwe loona za anthu othawa kwawo, ankanena za anthu pafupifupi 70,000 othawa ku Palma. Koma panali enanso ambiri amene anathawira ku Quitunda, pafupi ndi malo a kampani ya gasi ku Afungi, kumene amabungwe ankavutika kufikako. Ena anawoloka mtsinje wa Rovuma kulowa mu Tanzania, n'kubwezedwa kudzera pachipata cha m'malire cha Negomano. Banja lotero latuluka m'dziko, lalowanso, lafika pakampu: ngati simusamala mwaliwerenga katatu, kapena simunaliwerenge n'kamodzi komwe.

Nkhani ya "banja" yeniyeniyo ndiyo imandidwalitsa mutu. Pafomu timati banja ndi anthu odyera mphika umodzi. Nkhondo imaphwanya mphika umenewo. Bambo atsogola kukaona ngati nyumba ikadali chiimire. Mayi atsala kukampu ndi ana chifukwa dzina lawo lili pamndandanda wa chakudya ndipo ana ali pasukulu. Mnyamata wamkulu ali kutauni ina kusaka maganyu. Agogo anakana kuchoka chiyambire. Inu pasiteji mwakumana ndi bambo yekha, ali ndi khasu ndi kathumba ka mbewu, mwalemba kuti banja limodzi lalowa. Pakutha milungu ingapo akabzala, abwereranso kukampu, mnzanu wa tsiku limenelo alemba kuti banja limodzi latuluka. Kunena zoona palibe banja limene lasamuka apa. Pali munthu mmodzi amene akuyenda uku ndi uku kuti asataye munda, asatayenso chakudya. Mafunso aja a "watsala ndani" ndi "mukakhala nthawi yaitali bwanji" ndiwo okha angakuululireni zimenezi, ndipo ndi omwewo amene wotolera mayankho wotopa amawalumpha dzuwa likaswa mtengo.

Apa ndiye ndafika pafunso lanu lachiwiri. Ayi, kubwerera kwa anthu sikutanthauza kuti nkhondo yatha. Tengani Mocímboa da Praia, kumene nkhondo ya ku Cabo Delgado inayambira mu October 2017. Zigawenga zinalanda tauniyo mu August 2020, asilikali a Rwanda ndi a Mozambique n'kuilandanso mu August 2021, ndipo m'kupita kwa nthawi anthu ambiri anabwerera. Koma nkhondo m'chigawocho sinathe. Munthu amabwerera pa zifukwa zambiri: chakudya cha kukampu achichepetsa, eni mudzi kumene anafikira atopa naye, alibe pomwe angalime, ndi msodzi woti kumtunda alibe chochita, kapena akuluakulu aboma akumuuza kuti bwererani. Musangoona nambala ya olowa. Onani chifukwa chimene apereka. Ngati ambiri akuti "kumene tinali kulibe chakudya", ameneyo wathamangitsidwa ndi njala, sanakokedwe ndi mtendere. Onaninso kuti akulowa ndi ndani. Amuna okhaokha ndiye kuti akukazonda. Mukayamba kuona amayi ndi ana aang'ono, atasenza mphasa, ziwiya, nkhuku m'dengu, malata pamwamba pa galimoto, apo ndiye anthu ayamba kukhulupirira.

Palinso vuto lina limene aliyense wagwirapo ntchito m'mudzi muno m'Malawi akulidziwa. Munthu akaona foni ndi chovala cha bungwe, m'mutu mwake mwabwera chimanga. "Mwandilemba?" Mukhoza kufotokoza kambirimbiri kuti apa sitikugawa kanthu, koma ana amachulukabe pafomu, ndipo amene wabwerera kwathunthu amanena kuti wangobwera kudzaona, kuopa kufufutidwa kukampu. Ine sindiwaimba mlandu. Ndikanakhala ine ndikanateronso. Kungoti wosanthula manambala azidziwa zimenezi, ndipo aziyerekeza ndi zomwe akunena ena: nyakwawa, madalaivala, eni maboti, anamwino a pachipatala, aphunzitsi amene akuona mayina akuwonjezeka m'kaundula.

Za chitetezo musazitenge mopepuka, ndipo ku intavyu adzakufunsani. Pakafukufuku wamtunduwu mayina salemba, chifukwa foni ikhoza kulandidwa pa rodibuloko. Musamufunse munthu chifukwa chimene wathawira pamene msilikali waima chapafupi. Adzakuuzani kuti akukaona achibale, inu n'kulemba bodza, kapena adzanena zoona n'kukaona zakuda inu mutapita. Njira zachinsinsi zimene anthu amazembera siziikidwa pamapu a lipoti. Ndipo wofunsa akhale wa chilankhulo chawo. Ku Cabo Delgado, Chipwitikizi chokha sichikwanira pamene anthu akulankhula Kimwani, Chimakonde kapena Chimakuwa.

Mwina mukuti zonsezi zikutikhudza bwanji ife a ku Lilongwe. Afunseni akuluakulu a ku Dedza, Ntcheu kapena Nsanje. Pankhondo ya Frelimo ndi Renamo dziko lino linasunga anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu, m'malo ena msewu wa M1 ndiwo malire, moti munthu ankatha kugona ku Malawi n'kukalima ku Mozambique masana. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome mu October 1992, ambiri anangonyamuka okha wapansi osadikira galimoto ya bungwe lililonse. Mu 2016 enanso anathawa ku Tete n'kudzaunjikana pa Kapise ku Mwanza, asanawasamutsire kukampu ya Luwani, ndipo kumapeto kwa 2024 ena analowera ku Nsanje pothawa zipolowe za pambuyo pa chisankho. Kulikonseko funso linali lomweli: alowa angati, atsala angati, tikonze chakudya cha anthu angati.

Ku intavyuko, akakufunsani kuti mungatani banja likakana kuyankha, nenani kuti mulemba kuti lakana n'kulileka, osadzaza fomu ndi zongoganiza. Akakufunsani za gulu lalikulu lofika nthawi imodzi, nenani kuti muwerenga kaye mitu ya onse, kenako mufunse mabanja amene mungakwanitse, n'kulemba poyera kuti ofunsidwa ndi angati mwa angati. Kobo muyeserere pafoni yanu musanapite, ndi yaulere, ndipo pawabanki musaiwale kutchula kuti muli nayo.