Njinga yopinda yoyendera m'tauni ya Chipata: ndigule iti mwa ziwirizi?

Funso: Ndimakhala ku Kapata m'chipinda chimodzi cha lendi ndipo ndimagwira ntchito m'tauni. Njinga yaikulu ndilibe poisunga, koma kuisiya panja usiku ndiye kuwapatsa akuba. Ndapeza njinga zopinda ziwiri zamtengo wofanana. Yoyamba ndi yatsopano, ya aluminiyamu, matayala ake ndi a mainchesi 16 ndipo ili ndi giya imodzi. Yachiwiri inagwirapo kale ntchito kunja, ndi yachitsulo, matayala ake ndi a mainchesi 20 ndipo ili ndi magiya 6. Ndine bambo wamtali ndithu. Ndigule iti?

Yankho: Bambo, ine ndingatenge yachiwiriyo, pokhapokha ikakhala kuti polumikizira pake, pamene imapindikira, m'pabwinobwino. Penti wonyezimira wa yatsopanoyo asakukopeni, chifukwa funso lenileni ndi lakuti tayala likadzaphulika pakati pa mwezi, lina mudzalipeza kuti.

Chipata ndi mzinda wa njinga kuyambira kale, nthawi imene fakitale ya Luangwa Industries inkapanga njinga za Eagle, koma zipangizo zimene zadzaza m'mashopu ndi za njinga zikuluzikulu za mainchesi 26 ndi 28. Mwayi wa njinga ya mainchesi 20 ndi wakuti nthawi zambiri tayala lake limafanana ndi la njinga za ana okulirapo ndiponso za masewera zotchedwa BMX, choncho matayala ndi machubu ake savuta kwenikweni. Komabe muwerenge manambala olembedwa m'mbali mwa tayalalo musanapereke ndalama. Mukaona 406, monga 47-406, ndiye kuti zili bwino. Mukaona 451, dziwani kuti nalonso amalitcha la mainchesi 20 koma limu yake ndi yokulirapo, ndipo tayala wamba silingalowepo ngakhale mutalikankha ndi masipuni angati. Za mainchesi 16 nazo zili pawiri, 305 ndi 349, ndipo 349 ndi muyeso wa njinga za Brompton za ku London, umene matayala ake mungachite kuitanitsa kutali.

Palinso nkhani ya msewu. Gudumu laling'ono limagwera lonse m'dzenje limene lalikulu likanangodumpha, ndipo mukangosiya phula n'kulowa m'njira za m'makomboni, makamaka mvula ikakokolola, kusiyana kwa 16 ndi 20 mudzakumva m'mikono ndi mumsana. Tauni yathu ili pakati pa mapiri, zitunda sizisowa, ndiye munthu wa giya imodzi amafika ku ntchito shati itanyowa. Magiya 6 aja, makamaka akakhala a kampani ya Shimano, amisiri ambiri kuno amawadziwa kukonza.

Tsopano polumikizira paja, pamene ndikufuna kuti mudekhe. Itambasuleni njingayo, mutseke loko wake bwinobwino, mugwire buleki yakutsogolo, kenako muikankhe kutsogolo ndi kumbuyo kangapo. Mukamva kugogoda kapena kuona mpata ukutseguka pakati pa felemu, funsani ngati pali bawuti yomangitsira, chifukwa maloko ambiri amamangika. Ikapitiriza kugwedera mutamanga, ndiye kuti pini yadyeka, ndipo imeneyo muisiye. Muchitenso chimodzimodzi pamene handulo imapindikira, popeza malo amenewo akamasuka muli paliwiro mumagwa chamutu. Pomaliza pukutani fumbi m'malo onse owotcherera n'kuyang'ana kamzere kakang'ono kothetheka mu penti, kapena dzimbiri lotuluka mkati. Chitsulo chili ndi ubwino wakuti chikathyoka pena, monga pa kaliyala, wowotcherera aliyense amachilumikiza, pamene aluminiyamu amafuna makina apadera a gasi wa argon, ndipo ngakhale atawotcheredwa sabwerera mphamvu zake zakale popanda kumutenthetsanso mwaukadaulo. Koma mng'alu ukakhala pa hinji penipeni, pamene njinga imapindikira paja, kaya ndi chitsulo kaya aluminiyamu, ine sindivomera kuwotcherera, ndipo amene angakuuzeni kuti ndi ntchito yaing'ono si iye adzaikwere.

Poti ndinu wamtali, kwezani chishalo mpaka mwendo utsale pang'ono kuwongoka pedulo ikakhala pansi, kenako muone ngati mzere wochenjeza umene uli pa chitsulo cha chishalocho sunatulukire kunja. Ukatuluka, njingayo yakucheperani, ndipo felemu idzang'ambika pamwamba pomwepo. Vomerezaninso kuti yachitsuloyo ndi yolemera, kawirikawiri imapitirira makilogalamu 13, choncho muipinde n'kuinyamula masitepe angapo pomwepo kuti muone ngati mungamatero m'mawa ndi madzulo.

Funso lina: Kodi ndingamanyamulirepo thumba la ufa kapena mwana wasukulu?

Yankho: Opanga ambiri amaika malire a makilogalamu pafupifupi 100, kuphatikiza wokwera ndi katundu wake, ndipo kaliyala wa njinga zotere ndi wa chikwama cha ku ntchito ndi ndiwo zamadzulo basi. Thumba la ufa la makilogalamu 25 likhoza kufika kunyumba kamodzi kapena kawiri, koma masipoko akumbuyo ndi hinji ndi zimene zidzalipire. Mwana musamukwezepo. Ngati kunyamula ndiyo ntchito yaikulu, njinga yake ndi ya Buffalo, imene kaliyala wake anapangidwira makilogalamu 100, ndipo mukatero mukambirane ndi eni nyumba za malo oikhomera usiku.