Kodi Ndikaombe Nawo M'manja ku Kachisi wa Izumo?

FUNSO: Zikomo alangizi. Mwana wanga wamkazi anakwatiwa ku Japan, ndipo mu Novembala ndikupita kukaona mdzukulu wanga woyamba. Asewere anga anena kale kuti akanditengera ku kachisi wakale wa ku Izumo, ati ndi malo ofunika pabanja lawo. Ine ndine Mkhristu chibadwire. Ndikakana aona ngati ndawanyoza, ndikavomera ndikuopa kukagwadira mafano. Kodi kumeneko kumachitika zotani, nanga ine ndikachite bwanji? Ndine gogo wongoyamba kumene.

YANKHO: Mayi, pitani. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti mtima ukhale m'malo, kenaka ndikuuzeni zomwe ndinaona nditafikako m'nyengo ngati yomweyo.

Kachisiyu ndi Izumo Taisha, m'chigawo cha Shimane, pafupi ndi nyanja kumadzulo kwa chilumba cha Honshu. Ndi wa chipembedzo cha Shinto, chomwe chimalemekeza ma kami, mawu amene ena amati ndi milungu, ena mizimu. Mwini malo ndi kami wotchedwa Okuninushi, ndipo nkhani yake ili m'buku la Kojiki lomwe linamalizidwa m'chaka cha 712. Bukulo limati iye ndiye anakonza dziko n'kumalilamulira, mpaka Amaterasu, mulungu wamkazi wa dzuwa, anatuma Takemikazuchi kukamuuza kuti alipereke kwa zidzukulu za Amaterasuyo. Mthengayo anatsikira pagombe la Inasa, nazika lupanga mozondoka pamafunde, iye n'kukhala pansonga pake. Okuninushi anavomera, koma anapempha kuti ammangire nyumba yaitali ya nsanamira zozama. Eni ake amati nyumbayo ndiye kachisi amene mukukamuonayu.

Nyumba yomwe ilipo lero inamangidwa m'chaka cha 1744 ndipo ndi yaitali mamita 24. Pakamwa pa akuluakulu panali mawu oti yakale inkafika mamita 48, koma ambiri ankati n'kukokomeza chabe. M'chaka cha 2000 akatswiri akukumba pabwalopo anapeza zitsa za nsanamira zakale, iliyonse ya mitengo itatu ikuluikulu yomangidwa pamodzi, mulifupi mwake pafupifupi mamita 3. Pomwe anazipeza anajambulapo zizindikiro zozungulira. Ine ndinaima pakati pa chimodzi, n'kutambasula manja, osafika m'mphepete. Pamenepo m'pomwe ndinasiya kuiona nkhaniyi ngati nthano wamba.

Tsono chifukwa chimene asewere anu asankhira malowa ndi chimene ndikufuna mumvetse bwino. Okuninushi amadziwika ndi chimene Ajapani amachitcha enmusubi, kutanthauza kumanga ubale: ukwati, ubwenzi, kulumikizana kwa mabanja. Ndipo mwezi wachikhumi pa kalendala yawo yakale, womwe nthawi zambiri umagwera mu Novembala, dziko lonse limautcha Kannazuki, mwezi wopanda milungu, chifukwa amati milungu yonse yapita ku msonkhano ku Izumo kukakambirana za maubale a anthu. Ku Izumo kokha mweziwo amautcha Kamiarizuki, mwezi wokhala ndi milungu. Ndiye anthu amene akukutengerani kumeneko m'mwezi umenewu, mwana wanu atangowaberekera mdzukulu, akukuuzani m'njira yawo kuti inu ndi iwo tsopano ndinu amodzi. Mawu otere sakanidwa pa foni.

Ine ndinapezeka pagombe la Inasa usiku wolandira milunguyo. Mphepo yozizira inkalowa mpaka m'mafupa. Anasonkha moto pamchenga, ansembe atavala zoyera anaima moyang'ana kunyanja, kenaka anayamba ulendo wopita ku kachisi atatchinga ndi nsalu zoyera chimene anachinyamula. Khamu linali lalikulu koma munkangomva mafunde ndi mapazi. Pafupi nane panali mayi wachikulire atagwira dzanja la mtsikana, onse maso ali pansi. Sindine wa chipembedzo chawo, komabe ndinavula chipewa popanda wondiuza.

Kunena za chikhulupiriro chanu, zinthu zake zili pawiri. Pali za ulemu, pali za pemphero. Za ulemu ndi izi: pachipata chachikulu chotchedwa torii anthu amaweramitsa mutu pang'ono, monga kuodira pakhomo pa eni. Munjira ya mitengo ya paini mukayende chakumbali, chifukwa pakati amati ndi pa milungu. Pamalo osambira m'manja mumatunga ndi chikho, kutsira dzanja lamanzere, kenaka lamanja, n'kutsukuluza mkamwa ndi madzi a m'dzanja, osaika chikho pamilomo. Zimenezi ine ndinachita ndipo chikumbumtima changa sichinanditsutse.

Pemphero ndi lija amachita kutsogolo kwa nyumba yopembedzera: amaponya kandalama m'bokosi, kawirikawiri ka 5 yen chifukwa dzina lake limamveka ngati mawu oti ubale, n'kuwerama kawiri, kuomba m'manja kanayi, kuweramanso kamodzi. Kuomba kanayiku ndi mwambo wa ku Izumo, m'makachisi ambiri amaomba kawiri. Apa, mayi, musadzikakamize. Kuomba m'manja kumeneku n'kulankhula ndi kami, ndipo inu mukudziwa amene mumalankhula naye. Imani chapambali mwakachetechete, munyamule mdzukulu ngati n'kotheka, asewere anu apemphere. Palibe wolembera amene waomba ndi amene sanaombe, palibe ulaliki, ndipo popemphererapo fano simukaliona n'komwe, popeza nyumba yaikuluyo ndi yotchingidwa ndi mipanda ndipo alendo salowamo. Chofunika n'chakuti mwana wanu awauziretu apongozi ake tsiku lisanafike, kuti kuima kwanuko kusadzaoneke ngati kunyansidwa. Mumuuzenso za omamori, timatumba ta nsalu tomwe amagulitsa pamenepo kuti titeteze munthu. Akhoza kugulira mwanayo kapena inu, choncho mugwirizane kale chonena.

Mukamazungulira mukaona tiziboliboli ta akalulu paliponse. Muwafunse asewere anu, akakondwa kukufotokozerani. Kalulu wa ku Inaba ananyenga zilombo za m'madzi zotchedwa wani, ena amati ng'ona ena amati shaki, kuti zindande aziwerenge, pamene iye ankafuna kuwolokera pamisana yawo. Atatsala pang'ono kufika anadzitama, chomaliza chinamusenda chikopa. Abale ake a Okuninushi anamunamiza kuti akasambe m'madzi amchere, ululu n'kuwonjezeka. Okuninushi, yemwe ankabwera pambuyo atasenza katundu wawo, ndiye anamuuza kuti asambe m'madzi abwino n'kugubuduka pa ufa wa maluwa a udzu wa m'dambo, ndipo anachira. Inu ndi ine tinakula ndi Kalulu wochenjera m'nthano, ndiye apa muli ndi poyambira macheza ngakhale chilankhulo chikuvuta.

Musachoke osaona chingwe cha mapesi a mpunga chomwe chapachikidwa pa holo ya Kaguraden, chotalika mamita oposa 13 ndi cholemera matani oposa 5. Mukaima pansi pake chimaphimba thambo. Ena amayesa kuponyeramo ndalama kuti zikanirire, koma eni malo safuna zimenezo.

Kulowa pabwalo n'kwaulere. Ngati sakutengani pagalimoto, sitima ya Ichibata imaima pa Izumo Taisha-mae, pafupi ndi chipata, ndipo kuchokera ku Tokyo kuli sitima yausiku ya Sunrise Izumo yoyenda pafupifupi maola 12. Tengani chovala chokhuthala ndi nsapato zafulati, chifukwa pali miyala ing'onoing'ono ndipo gombe lili pamtunda wa kilomita imodzi. Pobwerera mwina akakulowetsani m'nyumba yodyeramo soba wa ku Izumo (chakudya chonga supageti), yemwe amabwera m'timbale titatu tozungulira tosanjikizana. Msuzi mumathira m'kapamwamba, mukatha mumakhuthulira wotsalawo m'kachiwiri, mpaka kachitatu.