Opanga magemu akuchotsedwa ntchito, kodi ndisinthe maganizo?

Mnyamata wina amene walemba mayeso a MSCE chaka chino watumiza kalata, ndipo mwachidule akuti: "Ndimafuna kudzakhala wopanga magemu a pakompyuta, kapena mtolankhani wolemba za magemu. Koma ndikungowerenga kuti uje wasiya ntchito, kampani yakuti yachotsa anthu. Owerenga ena akudandaula, ena akutukwana, ena akuti ntchito imeneyi yatha basi. Bambo anga atamva zimenezi anati ndisiye zachibwana ndikaphunzire za akaunti. Nditani?"

Makalata otere amabwera kawirikawiri ndipo amafanana pa chinthu chimodzi. Mwana amadziwa mayina a anthu onse otchuka, amadziwa amene wachoka kuti ndi amene walowa kuti, koma satchula ngakhale kanthu kamodzi kamene iye wapanga ndi manja ake. Nawenso mphwanga sunatchule.

Zimene wawerengazo ndi zoona. Mu Januwale 2024 Microsoft inachotsa anthu 1,900 kunthambi yake ya magemu, patangotha miyezi itatu chigulireni kampani ya magemu ya Activision Blizzard. Mwezi womwewo Unity inachotsa pafupifupi 1,800, Riot Games 530. Mu Febuluwale Sony inachotsa pafupifupi 900 n'kutseka situdiyo yake ya ku London. Gwero lake silovuta kumva. Nthawi ya Covid-19 anthu ali bindikiro m'nyumba anagula magemu kwambiri, makampani n'kulemba antchito ochuluka poganiza kuti malonda azingoyenda choncho. Anthu atayambanso kutuluka malonda anabwerera mwakale, ngongole zinayamba kudula, pomwe gemu yaikulu imadya zaka zingapo ndi malipiro a anthu mazanamazana isanabweretse ndalama iliyonse. Ndipo kugwira bwino ntchito sikumateteza munthu: Tango Gameworks ya ku Japan inatsekedwa mu Meyi 2024 ngakhale gemu yake yomaliza inatamandidwa kwambiri, mwayi wake kampani ina, Krafton, inadzaigula patapita miyezi yochepa.

Za utolankhani ndikuuze mosabisa: iwala zoti udzalandira malipiro a pamwezi polemba za magemu. Game Informer, magazini ya magemu imene inayamba mu 1991, inatsekedwa mwadzidzidzi mu Ogasiti 2024, ndipo inadzukanso mu 2025 itapeza mwini wina. Washington Post inatseka gawo lake la magemu mu 2023, Vice nayo inatseka Waypoint, tsamba lake la magemu, chaka chomwecho. Ndalama za otsatsa malonda zinatsatira anthu ku YouTube ndi Twitch. Ngati ku America, kumene kuli msika waukulu chonchija, mipando ikutha, usayembekezere kuti nyuzipepala ya ku Blantyre ikusungira desiki ya magemu. Ukafuna utolankhani phunzira utolankhani wonse, za magemu uzilemba pambali.

Tsono mkwiyo wa owerenga umene wakuopsawo, wauwerenga molakwika. Yang'ana chimene anthuwo amachita akamaliza kulalata. Mtolankhani Jeff Gerstmann atachotsedwa ku GameSpot, tsamba la nkhani za magemu, mu Novembala 2007, owerenga anakwiya pokhulupirira kuti walangidwa chifukwa chosayamikira gemu ya kampani imene inkatsatsa malonda pamenepo. Mu 2008 iye ndi anzake anayambitsa tsamba lawo, Giant Bomb, owerenga aja n'kumutsatira. Mu 2023 atolankhani ena amene kale anali ku Kotaku, tsamba linanso la nkhani za magemu, anayambitsa Aftermath, yawoyawo, yodalira ndalama zimene owerenga amapereka mwezi ndi mwezi. Jason Schreier anachoka ku Kotaku mu 2020 kupita ku Bloomberg, atanyamula luso lofufuza nkhani limene nyumba iliyonse yofalitsa nkhani ingalifune. Greg Kasavin anasiya ukonzi ku GameSpot mu 2007, nalowa mbali yopanga magemu, mpaka anakafika ku Supergiant Games. Onsewa anasiyana ndi kampani, koma anachoka ndi chinthu chawo chimene bwana sakanawalanda.

Koma usathamangire kusangalala. Amenewa ndi ochepa, ndipo anali atagwira ntchito zaka zambiri dzina lisanamveke. Anthu masauzande aja ochotsedwa mu 2024 palibe owerenga amene anawalirira mmodzimmodzi. Pakati pawo, wolemba mapulogalamu amatha kukafunsira ntchito kubanki, kukampani ya mafoni kapena ya inshuwalansi, chifukwa zilankhulo zolembera mapulogalamu monga C++ ndi C# sizigwira ntchito m'magemu mokha. Amene ntchito yake inali kuyesa magemu pofufuza zolakwika, kapena kulemba nkhani ya mugemu, ndiye amasowa kolowera mipata ikachepa.

N'chifukwa chake ndikuti kaphunzire za makompyuta, makamaka kulemba mapulogalamu. UNIMA, MUBAS, MUST ndi Mzuni onse ali ndi maphunziro a mbali imeneyi, ngakhale mayina a madigiri amasiyana. Poika zosankha zako werenga mndandanda wa maphunziro a chaka chilichonse, uone ngati muli programming yokwanira, data structures ndi masamu, usangokopeka ndi dzina la digiri. Makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi ukuwadziwa kale, koma kuno masamu ndiwo mwini nkhani. Kuti kanthu kadumphe pasikirini n'kutera pamalo oyenera pamafunika ma vector ndi trigonometry yomwe ija ambiri amaithawa ku Fomu 3. Ngati masamu sanakuyendere, kulembanso mayeso n'kwanzeru kuposa kulowa kosi ya miyezi itatu yolonjeza kukusandutsa katswiri.

Digiri payokha sikulowetsa mu situdiyo. Olemba ntchito amafunsa chimene unamaliza, ndipo apa m'pamene ana ambiri amandikwiyitsa, chifukwa zida zake n'zaulere. Tenga Godot, pulogalamu yopangira magemu. Ndi yaulere, siidya bandulo yambiri poitsitsa, imayenda palaputopu wamba, ndipo chilankhulo chake GDScript chimafanana ndi Python. Unreal Engine, ina yopangira magemu, isiye kaye: imafuna kompyuta yamphamvu ndi malo a magigabaiti ambirimbiri, ungothera nthawi kudikira kuti itseguke. Unity ili pakatikati, ndipo ubwino wake ndi woti imakuphunzitsa C# imene ikufunidwanso kunja kwa magemu.

Gemu yoyamba ikhale yaing'ono mpaka kuchita nayo manyazi: sikirini imodzi, lamulo limodzi, masabata awiri. Yachiwiri panga bawo. Mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, maenje 32, njere 64. Kuti kompyuta idziwe kufesa njere, kudya za mdani ndi kuzindikira kuti masewera atha, uyenera kumvetsa ma array (mindandanda yosungiramo zinthu mu pulogalamu), ma loop (malangizo obwerezabwereza) ndi kasungidwe ka mmene bolodi lilili pakutha pa kusuntha kulikonse. Ukafuna kuti kompyuta izisewera nawe, uphunzira kuiwerengetsa masitepe angapo kutsogolo n'kusankha abwino. Malamulowo ukawafunse kwa akuluakulu amene amasewera, uwalembe papepala usanagwire kiyibodi, chifukwa amasiyanako malo ndi malo ndipo pulogalamu siilola lamulo la "zimatengera".

Zimene zimagwetsa oyamba n'zodziwika. Amayamba ndi gemu ya mzinda wathunthu, magalimoto ndi anthu osewera pa intaneti, ntchito ya anthu mazana, n'kuisiya mwezi usanathe. Ena amaonera mavidiyo ophunzitsa miyezi isanu ndi umodzi akukopera mzere ndi mzere, ukawachotsera vidiyo sangalembe kanthu. Vidiyo imodzi ikatha, tseka, upange zomwezo wekha n'kusinthamo chinthu chimodzi. Ntchito yako uziisunga pa GitHub, tsamba la pa intaneti losungirapo mapulogalamu, kuyambira tsiku loyamba, poti magetsi akazima pakati pa kusunga kapena laputopu ikabedwa, fulashi imene ili m'chikwama chomwecho sikupulumutsa. Usatenge nyimbo ndi zithunzi za eni popanda chilolezo, gemu imachotsedwa pamsika chifukwa cha zimenezo. Ndipo uiyese pafoni yotchipa ya mnzako, osati pa yako yokha. Mupatse asewere iwe uli chete. Pamene wakakamira ndi pamene pali vuto, ngakhale iwe ukuona ngati m'posavuta.

Ikatha iike pa itch.io, tsamba loikapo magemu kuti anthu azitsitsa, sipalipiritsa. Google Play imafuna madola 25 kamodzi polembetsa, Steam, msika wa magemu a pakompyuta, madola 100 pa gemu iliyonse ndipo imatengako 30 peresenti ya zogulitsa, choncho zimenezo zidikire. Januwale aliyense kumakhala Global Game Jam, kumene magulu amapanga gemu m'maola 48. Peza anzako awiri, wojambula ndi wa nyimbo, muyese. Masitudiyo mu Africa muno aliko, monga Free Lives ku Cape Town, Nyamakop ku Johannesburg, Maliyo Games ku Lagos ndi Kiro'o Games ku Cameroon, koma ndi aang'ono ndipo salemba anthu kawirikawiri. Konzekera kuti ntchito yako yoyamba idzakhala yokonza mapulogalamu a ofesi, magemu uzipanga madzulo ndi Loweruka.

Kwa inu bambo: nkhawa yanu ndi yomveka, koma mankhwala mwalakwitsa. Mwana amene mtima wake uli pa kompyuta mukamukankhira ku akaunti mudzalipira fizi zaka zinayi kuti adzatuluke ndi digiri yofooka ya ntchito imene sakuifuna. Digiri ya makompyuta imalowa m'mabanki momwemo mukufunamo. Musamuletse chifukwa cha ndemanga za anthu okwiya pa intaneti. M'malo mwake muuzeni akuonetseni gemu yoti inuyo mugwire foni n'kusewera zotsatira za mayeso zisanatuluke. Akalephera ndi nthawi yonse ali nayo panoyi, mudzakhala ndi poyambira kukambirana za akaunti.

Iwe mphwanga, ndikukayika pang'ono, chifukwa kalata yako yonse ikukamba za ntchito za anthu ena. Komabe ukutsatira nkhani mwachidwi ndipo wafunsa nthawi idakalipo, zimene anzako ambiri sachita. Tsitsa Godot sabata ino. Bawo ikayamba kuyenda, ngakhale yopanda zithunzi zokongola, ulembenso tikambirane zosankha za kuyunivesite.