Clarinet yakale ikukana kumvana ndi kiyibodi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaimba chitoliro cha clarinet m'bandi ya kutchalitchi kwawo. Akuti: "Ndinapatsidwa clarinet yakale yamtengo. Ikulira mokoma, koma mawu ake amakwera kuposa a kiyibodi. Ndikasolola barrel (kachigawo kakafupi kolumikiza mbali yoika pakamwa ndi thupi la clarinet), manotsi ena amakhala bwino, ena amatsikiratu. Kodi yafa?"

Mayi, musanawononge ndalama, iyang'aneni kaye thupi lonse ngati pali zilembo HP (High Pitch, mawu okwera) kapena LP (Low Pitch, mawu otsikirapo). Kale ku Britain mabandi ambiri ankachuna notsi ya A pafupifupi pa 452 Hz (Hz ndi muyezo wa kukwera kwa mawu), ndipo zida zawo ndi zimene zimatchedwa HP. Mgwirizano wa 440 Hz, umene kiyibodi yanu imatsata, unachitikira ku London mu 1939. Kusiyanako ndi pafupifupi theka la mpata wa pakati pa makiyi awiri oyandikana. Clarinet ya HP ndi yaifupi, ndipo mabowo ake onse anaboolera muyezo wakalewo, choncho palibe barrel imene ingaichiritse. Zimandiwawa kunena zimenezi, chifukwa zina mwa izo n'zokongola zedi, za mtengo wa phingo weniweni. Yotereyo isungeni, muziimba nayo panokha.

Ngati ndi LP, mwayi ulipo. Iimbeni mphindi 10 itenthe, kenako yesani notsi iliyonse ndi tuner ya pa foni (pulogalamu yoonetsa ngati notsi yakwera kapena yatsika), n'kumalemba. Kumbukirani kuti kutentha kumakweza mawu. M'tchalitchi cha malata mu Okutobala ngakhale clarinet yatsopano imakwera.

Zimene mwaonazo zili ndi chifukwa. Mukasolola barrel, manotsi otulukira m'mabowo akumtunda, monga G, A ndi B flat apakati, amatsika kwambiri, pakuti mpweya wake umayenda kanjira kakafupi ndipo mamilimita awiri ndi ambiri kwa iwo. Manotsi otseka mabowo onse sasuntha kwenikweni. Komanso kusololako kumasiya kampata m'kati. Timaringi tapulasitiki totseka kampatako n'totsika mtengo ndipo timathandiza. Sololaninso pang'ono pamene pakumana zigawo ziwiri zapakati, kuti katundu asagwere barrel yokha.

Yezani barrel yanu ndi rula. Zambiri za masiku ano zimakhala mamilimita 65 kapena 66, ndipo pa zida zakale ndakumanapo ndi zina zimene mwini woyamba anachita kudula.

Koma chimene ine ndimakayikira kwambiri ndi mouthpiece, chigawo choika pakamwa chija. Ma clarinet ena akale, monga Boosey & Hawkes 1010, ali ndi mimba yotakata ndipo amafuna mouthpiece yakeyake; mukaikapo yamakono, manotsi amabalalika. Bwerekani ziwiri kapena zitatu kwa anzanu muyese. Samalaninso ndi kuluma: reed (kabango kopyapyala ka pa mouthpiece) ikakhala yolimba imakuchititsani kufinya nsagwada, mawu n'kukwera, makamaka mukamaimba mosafuula.

Ikatsala notsi imodzi yokha yopulupudza, nthawi zambiri padi yake, kakhushoni kotseka bowo, ikutseguka mopitirira. Wokonza zida amamata kachidutswa ka koko (cork) pansi pa kiyiyo, basi. Munditumizire zimene tuner yawonetsa pamodzi ndi kutalika kwa barrel, tidzaonere limodzi.